Makina Amene Anaphunzira Kukhala Chete

Ana inu, mazira mazana atatu akaolera m'chipinda chimodzi, fungo lake limakutsata mpaka kwanu. Zinamugwera mtsikana wina wamasiye, amene ankamutcha Namawaya chifukwa m'matumba mwake simunkasowa tizidutswa ta waya. Sukulu ya zamagetsi anailephera kawiri. Ntchito anaipeza kwa mayi wina woweta nkhuku, yoyang'anira makina oswetsa mazira.

Magetsi akathima masana, makinawo ankadalira batire. Koma batirelo linkatha dzuwa lisanapendeke, mazira n'kuzizira.

"Ulendo uno akaolanso, utole timawaya tako uzipita," anatero abwanawo.

Agogo ake, amene anamulera, mtima unali m'mwamba. Ankamuperekeza kuntchito tsiku lililonse. "Magetsi alibe m'bale, iwe. Vala nsapato. Usagwire ndi manja onyowa!"

Milungu iwiri yathunthu Namawaya anakhala pa ndowa yovundikira, akulemba m'kope nthawi iliyonse imene chotenthetsera chayaka, ndi imene kamota kotsegula zenera la mpweya kayenda. Anapeza kuti kutentha kukangosuntha pang'onong'ono, zonse zinkadzuka. Tsegu, tseke, tsegu, tseke, osapuma. Batire likanalimba bwanji?

"Makinawa atengera inu, agogo. Kanthu kakang'ono, adzambatuka kale."

"Mwano! Kudzambatuka kwangako ndi kumene kwakukulitsa."

Namawaya anawerengetsa pa kompyuta yakale ya abwana, kufufuta, kuyambiranso, mpaka anapeza maulendo ochepetsetsa amene makina angadzuke, mazira osazizira, osapsa. Anawatchera choncho: adzuke pa nthawi yake, agwire ntchito, agone.

Anaika mazira atsopano. Magetsi atathima, m'chipindamo munangoti zii.

"Afa! Ndinanena ine!" Agogo anatambasula dzanja kuti atsegule chitseko cha makina.

"Agogo, chonde! Mukatsegula, kutentha kuthawa, ine ntchito yatha."

Dzanja lija linaima m'malere. Agogo analibweza, n'kulikhalira kuti lisawapusitsenso. Patapita nthawi, kamota kanati tseke kamodzi, n'kukhalanso chete. Magetsi anabwera batire likadali ndi mphamvu.

Milungu itatu yodikira anapiyeyo agogo anaonda, chakudya chosalowa. Tsiku loswa litafika, m'mawa wonse kunalibe kanthu. Abwana anaima pakhomo atagwira m'chiuno, akuyang'ana chikwama cha Namawaya.

Agogo ndi amene anayamba kumva, paja makutu a munthu wamantha sagona. "Tatontholani!" Mkatimo kamwanapiye kankalira. Kenako kena, kenanso, mpaka abwana anathamangira makatoni.

Lero oweta nkhuku amachokera kutali kuti Namawaya akawakhazikire mtima pansi makina awo. Agogo amamutsatirabe mpaka pageti ndi machenjezo.

Inu amene mwalephera kawiri, musataye mtima, ndakupemphani. Khalani pansi, yang'anitsitsani, ndipo dzanja lanu lizigwira pamene pakufunikadi pokha. Koma nsapato zokha muzivala.