Boti la Bethany ndi Twaini wa Bambo Ake

Alamu anga a Rowland sakhulupirira injini imene sanaimve fungo. Asanabwere kuno kudziko la azungu anali makaniko ku Biwi, ku Lilongwe, wokonza injini za zigayo ndi malole, ndipo mpaka lero basi ikadutsa pamsewu wawo ku Bordesley Green amapendeketsa mutu n'kukuuzani chimene ikudwala. Kuno anafika pa pepala la mkazi wawo, achemwali anga a Winnie, amene ndi namwino ngati ine. Ntchito imene anapeza ndi yosanja makatoni ku West Bromwich, ndipo aigwira zaka zonsezi osadandaula. Ine ndinkawaseka kuti ndi mkamwini kawiri, kwathu ku Mponela komanso kuboma la kuno. Iwo ankangoseka nawo. Ndi munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo, ndipo khalidwe limeneli linkandikwiyitsa.

Mu 2007 mwana wawo Bethany, wobadwira konkuno, anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ndi mwana wanzeru koma wa mtima wapachala. Akapsa mtima, chimene chili m'manja mwake chimauluka. Chaka chimenecho anamuimitsa sukulu kachiwiri ataponyera mnzake mpando, ndipo a Winnie anaimbira achimwene athu a Ackson. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mawu omaliza ndi a malume. Mwambo umenewu unakwera nafe ndege.

Tinakumana Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ine n'kuchita kuchokera ku Nuneaton. A Winnie analankhula maso ali ofiira, kuti atopa kuchoka ku naiti shifiti n'kukafikira ku mitingi ya kusukulu. A Ackson anamvetsera atapinda manja, kenako anagamula kuti sukulu zikatsekera Bethany apite kumudzi, akalowe sukulu ya mishoni yogonera konko ku Dedza. Anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Palibe amene anafunsa maganizo a bambo a mwanayo, amene nthawi yonseyi ankatithirira tiyi.

A Rowland anaika ketulo pansi n'kupempha chinthu chimodzi. Anati iwo ndi Bethany akupanga boti laling'ono loyendetsa ndi rimoti, ndipo mwanayo akakhala pantchito imeneyo amakhala munthu wina. Anapempha kuti alamu awo adikire kaye, adzaone botilo likuyenda. A Ackson anaseka pang'ono, poti nkhani ya zidole siinali yoti n'kubwera nayo pabwalo la akuluakulu, komabe anavomera.

“Ndibwera, alamu. Koma ndikadzaona mwana yemwe uja wotaya zinthu, ndibukitsa tikiti sabata yomweyo.”

Kuyambira tsiku limenelo ndinkapita kwawo ndikakhala pa ofu, chifukwa mtima sunkakhala m'malo. Botilo ankalipangira m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Thupi lake linali la matabwa opyapyala a wodiropu yakale, lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu, ndipo linali litatha kale. Chotsala chinali injini, ndipo apa ndi pamene panali nkhondo.

A Rowland anali atagula makina akale otchetchera udzu pamsika wa zakale uja anthu amagulitsira m'mabuti a magalimoto. Anachotsa kainjini kake ka petulo, n'kukatsuka, n'kukasintha pulagi, ndipo katalira koyamba nkhope yawo inawala ngati ali ku Biwi. Bethany sankaifuna injiniyo. Iye anali atapasula choboolera matabwa cha batire chimene aneba anataya, ndipo ankafuna mota yake. Bambo ake ankati chinthu chosatulutsa utsi si injini, ndi shaveni ya ndevu. Iye ankayankha m'Chingerezi, monga amachitira nthawi zonse, kuti injini ya petulo ndi yolemera ndipo boti lidzamira nayo.

Ndinalipo tsiku limene anakangana kwambiri. Bethany anali ndi sipanala m'manja ndipo ndinaona zala zake zikuuma. Ndinadziwa kuti sipanalayo ikauluka, achemwali anga amva ali kukhitchini, ndipo madzulo omwewo a Ackson amva. Ndinawatsina alamu anga pamkono n'kuwauza kuti makani a ku Biwi awasiye ku Biwi. Iwo anayang'ana sipanala ija, n'kunena mofatsa kuti madzi ndiwo aweruze.

Anadzaza bafa la m'nyumba. Ataika injini ya petulo, boti linakhala chammbuyo, mphuno m'mwamba, madzi atatsala pang'ono kulowa. Ataika mota ija ndi batire yake pakati, linakhala bwinobwino ngati bakha. A Rowland anayesa kusuntha injini yawo uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, koma madzi sanasinthe mawu. Sabata yomweyo anamvanso kuti padziwe la kupaki salola n'komwe maboti a petulo chifukwa cha phokoso. Injini ija anaikulunga m'chinsanza n'kuiika pansi pa masitepe, ndipo zinawapweteka ngati ayika maliro.

Zotsalazo anagonja nazo chimodzichimodzi. Pulopela, kaja kamazungulira m'madzi kumbuyo kwa boti, iwo ankafuna kusula okha kuchokera ku chitini, koma Bethany anasankha kapulasitiki kakang'ono kogula, ati kakakulu kadzatenthetsa mota. Chiwongolero anachipanga limodzi. Rimoti anagula yakale, ndipo mwanayo anatha Loweruka lathunthu akulumikiza mawaya osatukwana ngakhale kamodzi. Bambo ake anangowonjezera kanthu kamodzi, kamphete kachitsulo kumbuyo kwenikweni kwa boti. Anati ndi kopachikira pakhoma.

Ine alamu anga ndimawadziwa. Ali mwana ankapanga magalimoto a mawaya, aja umawayendetsa utagwira waya wautali, ndipo moyo wawo wonse sanaonepo makina oyenda popanda dzanja la munthu kuwagwira penapake. Mota ya Bethany sankaikhulupirira, rimoti sankaikhulupirira. Anandiuza kukhitchini kuti akuopa kuti boti lidzafera pakati pa dziwe a Ackson akuona, mwana n'kupsa mtima, basi zonse n'kuthera pomwepo. Ndinawafunsa kuti ndiye achita chiyani. Anangoti makaniko sapita paulendo wopanda chingwe chokokera.

Tsiku lokaonetsa boti kudziwe la kupaki linali Loweruka masana, kunja kuli kamphepo. A Ackson anabwera atavala suti ngati akupita kumsonkhano wa akulu a mpingo. A Winnie anabwera ndi yunifomu mkati mwa jekete, poti madzulo ankalowa ntchito. Bethany sanadye chilichonse m'mawa. Ankadziwa bwino lomwe chimene chinali pamadzipo.

A Rowland anaumirira kuti boti aliike m'madzi ndi iwowo. Ananjuta m'mphepete atatipatsa msana, ndipo anachedwa pang'ono. Ine ndinali pambali pawo, ndiye ndinaona. Anamanga twaini wowedzera nsomba pakamphete kaja, uja woyera wosaoneka m'madzi, ndipo mpukutu wake unali m'thumba la jekete yawo. Ndinafuna kulankhula, koma a Ackson anali ataima pafupi kwambiri.

Bethany anakankha kabatani, ndipo boti linanyamuka mwakachetechete, liwiro lake loposa limene tonse tinkayembekeza. Shaveni ya ndevu ija inkang'amba madzi. Ana ena anathamangira kudzaonera. A Winnie anagwira pakamwa, ndipo ngakhale a Ackson anatulutsa manja m'matumba. Koma ine maso anga anali pa thumba la alamu anga, mmene mpukutu unkazungulira ngati muli mbewa. Iwo ankasendera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka nsapato zinaponda matope. Ananong'oneza Bethany kuti akhote abwerere, koma mwanayo, maso ali pa boti lake, anati akufuna lifike kaye tsidya linalo.

Twaini anatha. Boti linagwedezeka n'kuima pakati pa dziwe, mota ikulirabe, ndipo kumbuyo kwake kunayamba kutitimira. Bethany anawonjezera mphamvu poganiza kuti batire yafooka, ndipo kumbuyoko kunamira kwambiri, madzi n'kuyamba kukwera pamwamba. Madzi akafika pa mawaya, ndiye kuti zatha. Anayesa kumanja, anayesa kumanzere, boti linkangonjenjemera pamalo amodzi. Ndinamva Bethany akupuma mwamphamvu. Anati ndi mota yake, mota yake yopusayo, bambo ake ankanena zoona. Kenako dzanja lake linakwera ndi rimoti mpaka pamwamba pa mutu.

A Ackson sankayang'ananso boti. Ankayang'ana dzanja limenelo.

A Rowland akanatha kungosiya mpukutu ugwere m'madzi mwakachetechete, ndipo mwina palibe akanadziwa. Koma mwanayo akanapitiriza kukhulupirira kuti mota yake ndiyo yalephera, ndipo dzanja linali kale m'mwamba. Anatulutsa mpukutuwo n'kuukweza kuti aliyense auone.

“Si mota yako, Betha. Mota ili bwino. Ndine ndalimanga.”

Analuma twaini ndi mano mpaka anaduka, ndipo boti linadumphira kutsogolo.

Bethany anawayang'ana bambo ake, ndipo sindidzaiwala nkhope imeneyo. Ndinali wotsimikiza kuti rimoti ija ithera pamphumi pawo, ndipo kunena zoona ndikanamumvetsa. Dzanja linakhala m'mwamba kanthawi. Kenako linatsika, ndipo anatembenukira kumadzi.

Ntchito inali isanathe. Boti linali ndi madzi mkati, ndipo linkakoka twaini wautali kumbuyo. Likanakhota mwamsanga kapena kubwerera chammbuyo, twainiyo akanakulunga pulopela. Bambo ake anayamba kumuuza zimenezi, koma iye anati akudziwa, asamulankhule. Anachepetsa liwiro n'kuyamba kulikhotetsa pang'onopang'ono, kuzungulira kutali m'mbali mwa dziwe. Misozi inkatsika koma sanaipukute, poti manja onse anali pa rimoti. Kamphepo kanalikankhira kumabango, iye n'kulibweza modekha. Batire inayamba kufooka zenizeni tsopano, ndipo boti linkabwera ngati nkhalamba yochokera kumunda. Pomaliza mphuno yake inagunda matope pamapazi athu.

Bethany analitola, anatsegula pamwamba, n'kukhuthula madzi. Sanayang'ane aliyense.

A Ackson anakonza tayi n'kunena kuti zaoneka, nkhaniyi tikaimalizira kunyumba. Ine ndinkadziwa tanthauzo la kunyumbako: iwo pampando, achemwali anga pambali, alamu anga ndi ketulo. Koma a Rowland sanasunthe. Anali ataima m'matope, kamlomo kakutuluka magazi pamene twaini anawacheka.

“Timalize pompano, alamu. Mwaona nokha amene walakwitsa lero, ndipo mwaona amene wakonza. Mwanayu sapita ku Dedza.”

Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, ndinali ndisanawamvepo akumaliza chiganizo pamaso pa achimwene osaikapo pepani. A Ackson nawonso anadabwa. Anatembenukira kwa mlongo wawo, monga mwini mbumba amachitira, kudikira kuti awakumbutse amuna awo malo awo. A Winnie anayang'ana mwana wawo, amene ankapukuta mawaya ndi malaya ake a sukulu akale.

“Mwawamva bambo ake, achimwene,” anatero.

A Ackson sanadye nafe tsiku limenelo, ndipo panapita miyezi asanapondenso ku Bordesley Green. Tikiti sanabukitse.

Musaganize kuti alamu anga anatuluka ngati ngwazi. Bethany anatha sabata yathunthu osawalankhula, ndipo zinawawawa kuposa mawu alionse a achimwene. Ankabwera kuchokera ku West Bromwich, n'kuima pakhomo la shedi ngati mlendo, mwana ali mkati akugwira ntchito atawapatsa msana. Ine sindinawamvere chisoni kwenikweni. Ndinawauza kuti mbuzi ndiyo timamanga, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke nawo.

Loweruka lotsatira ndinawapeza atakhala patebulo, tiyi atazizira. Pambali pa kapu panali kamphete kachitsulo kaja, Bethany atakamasula n'kukasiya pamenepo m'mawa osanena kanthu. Bowo lake anali atalimata kale. Tili chikhalire, tinamva mawu kuchokera kuseri, m'Chingerezi chake chija, akufunsa ngati Dadi akubwera kudzagwira batire kapena aitane munthu wina.

A Rowland anaika kamphete m'thumba n'kunyamuka, tiyi osamumwa.