Tsache Limene Linakwera Sitima ya ku Carlisle

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine sindine wolemba mabuku. Ndinali mphunzitsi wa masamu, ndipo zinthu zazitali zimene ndinalembapo ndi malipoti a ana a eni ake. Ndime inoyi ndayilemba kasanu ndi kamodzi, ndiye ngati ikuonekabe yokhota, mundikhululukire. Ndalimba mtima chifukwa anthu amene ankawadziwa amalume anga, a Wilfred Ackroyd, atha pafupifupi onse, ndipo ndikakhala chete, nkhani ya tsache ipita nane kumanda. Pamene ndikukayika ndinena kuti ndikukayika.

Amalume anagwira ntchito m'sitolo ya katundu wa njanji ku Skelderby kuyambira ali ndi tsitsi mpaka dazi linafika kunkhongo. Sitoloyo sinali yogulitsa kanthu. Chinali chipinda chachitali cha njerwa kuseri kwa shedi ya mainjini, chokhala ndi kazenera kamodzi kokankhira m'mwamba, ndipo aliyense wofuna chogwirira ntchito ankaima pakazenerapo, kugwe mvula kugwe matalala. M'katimo munkamveka fungo la palafini, sopo wachikasu ndi polishi wopukutira mkuwa. Sopo ankabwera wautali ngati mkono, amalume n'kumamudula ndi waya, chidutswa chilichonse zala zitatu. Nsanza zathonje zopukutira mafuta ankaziyeza pasikelo. Chilichonse chinali ndi chidindo cha njanji: ndowa, mopu, machesi, ngakhale pepala la kuchimbudzi, tsamba lililonse, kuti munthu asaiwale mwini wake wa pepalalo ngakhale pa nthawi yothina. Pepani potchula zimenezi, koma n'zoona.

Lamulo la sitolo linali limodzi: chakale kaye, kenako chatsopano. Wofuna ndowa abwere ndi yobooka. Wofuna pensulo abwere ndi kachidutswa kotsala. Wofuna sopo aonetse kotsalira kake, kopyapyala ngati chikhadabo. Masache anali ndi kamtengo kake koyezera, kolembedwa mzere. Ubweya wa tsache ukapitirira mzerewo, ndiye kuti tsachelo likadali lamoyo, bwerera nalo. Lamulolo sanapange ndi amalume, koma ankalisunga ngati anabadwa nalo mimba imodzi. Kushedi ankati tsiku lomaliza a Ackroyd adzaima pachipata cha kumwamba n'kumafunsa aliyense kuti thupi lakale walisiya kuti.

Mu 1953 (ena amati 1954, koma ine ndatsata amalume chifukwa anali munthu wa manambala) anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, osakwatira, akudya okha mbatatesi ndi nyama yam'chitini. Mtima wawo unali pa Mayi Hilda Tordoff, mayi wamasiye wosesa m'mabogi a sitima, wamfupi, wapakamwa pakuthwa, amene ankaimba nyimbo zakutchalitchi mothamangitsa kuti ntchito ithe msanga. Vuto linali lakuti amalume ankatha kulankhula ndi munthu wamkazi pokhapokha ali kuseri kwa kazenera. Akakumana naye panja ankangovula chipewa n'kumayang'ana nsapato zawo. Tsono sopo ndi nsanza za osesa ankadzatenga ndi kapitawo wawo, koma tsache mwini wake ankabwera nalo yekha. Ndipo masache a njanji anali olimba mopanda chisoni. Limodzi linkakhala chaka ndi miyezi iwiri. M'zaka zinayi amalume anali atalankhula ndi Mayi Tordoff katatu.

Anali atawerengera kuti tsache la mayiwo lifa mu Okutobala, sabata yomwe ogwira ntchito panjanji ankakhala ndi dansi yawo Loweruka. Mawu anali atakonza kale: "Mayi Tordoff, kodi Loweruka madzulo muli ndi zochita?" Anawayeserera kwa miyezi iwiri pamaso pa mamopu, ndipo mamopuwo sanakane ngakhale kamodzi.

Lachitatu m'mawa Mayi Tordoff anafikadi pakazenera, koma chimanjamanja.

"Mwadzuka bwanji, Bambo Ackroyd. Ndipatseni tsache."

"Ndadzuka bwino, Mayi Tordoff. Lakale lili kuti?"

"Lapita ku Carlisle."

"Kukatani?"

"Kukaona abale ake! Ndinalitsamiritsa m'bogi, ndatsika kukatunga madzi, pobwera ndapeza sitima yanyamuka. Lapita popanda ndi tikiti yomwe."

Mawu a dansi aja anali atafika kale pammero pa amalume. Koma atatsegula pakamwa, anatuluka ena: "Popanda lakale sindingapereke latsopano."

"Linali litatha kale, bambo inu. Linali ladazi ngati mutu wanuwo."

"Ndikukukhulupirirani, mayi. Koma ndiyenera kuliona."

"Ndiye ndisese ndi chiyani? Ndi ndevu za a Sugden?"

A Clifford Sugden, woyendetsa sitima wa ndevu zopota, anali kumbuyo pamzere ndi nyale yawo yosweka. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndevuzi n'zanu, Hilda, Loweruka kudansi mukazigwire n'komwe. Iwe Wilf, m'bale wanga, mayiwa akupempha tsache, sakupempha injini ayi."

Mayi Tordoff analowetsa mutu pakazenera. "Mverani, Bambo Ackroyd. Kuyambira lero ndizisesa chogwada, ndi kaburashi kam'manja. Tsiku lililonse limene maondo angawa akhudze pansi ndi chaka chimodzi chosakulankhulani. Ndipo Loweruka ndikavina ndi mwamuna aliyense amene sanandigwaditse."

A Sugden anapotokola ndevu zawo mbali zonse ziwiri.

Amalume anakhala pabokosi la sopo. Lamulo sakanaliswa, pakuti munthu sangadzidule mwendo. Mayi Tordoff sakanawataya. Ali chikhalire anaona kuseri kwa chitseko tsache la m'sitolo momwemo, limene ankasesera okha kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Anatsegula buku la malamulo, n'kuwerenga kawiri, chala chili pamzere. Bukulo linkangoti tsache lakale. Silinanene kuti la ndani.

Pa nthawi ya nkhomaliro analinyamula mpaka kumene ankaimika mabogi, n'kuvula chipewa, n'kuyang'ana nsapato, n'kutambasula dzanja. Mayi Tordoff analandira osanena kanthu, poti chaka choyamba chinali chitayamba kale. Mayiwo atalunjika nalo kukazenera kuti akalisinthe, amalume anathamanga kutsogolo, n'kulowa m'sitolo, n'kukankha kazenera, akupumira m'mwamba.

"Mwaswera bwanji, mayi. Ndikuthandizeni?"

Mayiwo anaponya tsache pathabwa. Amalume anatenga kamtengo koyezera. Anayeza. Anatembenuza tsache, n'kuyezanso. Nkhope yawo inayera ngati pepala lachidindo lija. Ubweya unkapitirira mzere ndi mpata wonga wa ndodo ya machesi. Anali atalisamala mopitirira: ankalikoloweka pamsomali, kulitsuka mwezi ndi mwezi, ndipo ena amati ankalipesa, ngakhale zimenezi sindinazitsimikize.

"Likadali lamoyo, mayi," anatero.

Mayi Tordoff anatembenukira khoma la njerwa la pambali pa kazenera. "Khoma iwe, uwauze a Ackroyd kuti ngati lili lamoyo, ndikasesera lomweli."

"Sizingatheke, mayi. Lili ndi mzere wofiira pampini, ndi la sitolo, silingalowe m'bogi. Tsache lakufa lilibe mwini, koma lamoyo ali naye."

"Khoma, uwafunse ngati amayi awo anawagwetsa ali khanda."

A Sugden, amene nkhani zotere sizinkawadutsa, anatulutsa kasizasi kometera ndevu. "Wilf, tangodula. Ine sindinaone kanthu."

"Kudula n'kuba," anatero amalume. "Tsache liyenera kufa imfa yake, likusesa."

Ndiye anayamba kusesa. Pakati pa shedi ndi mulu wa malasha panali bwalo la njerwa zokhakhala limene chilengedwere cha njanji silinaonepo tsache. Amalume ankalisesa m'mawa belu lisanalire, pa nkhomaliro, ndiponso akaweruka. Osonkha moto m'mainjini ankawathirira phulusa dala, ati kuwathandiza. Oyendetsa sitima ankaliza mluzu wa injini podutsa. A Sugden anabwera ndi mpando, n'kumadya buledi wa tchizi uku akuloza ndi phazi.

"Apo wasiya, Wilf. Ukamaliza ukasese kwathu, m'nyumba mwanga mulibe mkazi. Koma kuyambira Loweruka sizikudziwika."

Lachinayi kunagwa mvula, ndipo ubweya wonyowa unkangopindika osatha. Amalume anasesabe, madzi akutsika padazi n'kulowera m'kolala. Manja awo ozolowera pensulo anatuluka matuza. Akakweza maso ankaona pazenera la bogi kansonga ka duku yobiriwira ya Mayi Tordoff kakuyenda uku ndi uku m'munsi, chifukwa mwini wake anali atagwada. Kansongako kakaima, iwo ankadziwa kuti akuonedwa, n'kuwonjezera mphamvu. Lachisanu madzulo anayeza ndipo panatsala kampata konga titsitsi tiwiri.

Loweruka ntchito inkatha khumi ndi ziwiri koloko masana, ndipo kazenera kankatsekedwa nthawi yomweyo. Palibe amene ankayembekezera kuti amalume angawonjezere mphindi. Kuchoka pantchito nthawi isanakwane sakanathanso. Choncho anatulutsa theka la thupi pakazenera, miyendo ili m'sitolo monga mwa lamulo, n'kumakwecha mwala wa panja umene anthu ankaimapo. Amene anabwera kudzatenga palafini m'mawa umenewo ankalandira akudumphadumpha.

Kutatsala mphindi khumi, Mayi Tordoff anatulukira akutsimphina, maondo ali bii ndi mwaye. Anaima n'kuonerera kanthawi.

"Khoma, uwauze kuti akusesa ngati nkhuku yopalasa. Ndiponso uwafunse ngati mwalawu ndi bogi."

Amalume anaganiza mofatsa. "Si bogi, mayi."

Mayiwo anawalanda tsache, n'kulavulira m'manja, n'kuyamba kukwecha mwalawo ndi mphamvu za munthu amene wasesa mabogi zaka khumi ndi ziwiri, uku akuimba nyimbo ya pamaliro mothamanga ngati ya paukwati. Ubweya unkathothoka n'kumauluka. Shedi yonse inatuluka kudzaona. Atamaliza ndime yachitatu analiponya pathabwa.

Amalume anayeza. Mzere unaoneka, bwinobwino, popanda kufinya diso.

"Lafa, mayi," anatero, ndipo amene analipo amati misozi inalengeza. Anapita pashelefu, n'kusankha tsache latsopano lowongoka kuposa onse, n'kulipereka ndi manja awiri. Kunali kutatsala mphindi ziwiri. "Mayi Tordoff, kodi Loweruka madzulo..."

"Khoma, uwauze kuti Loweruka lake ndi lero. Uwauzenso kuti ndagwada masiku atatu ndi theka, ndiye zaka zake azidziwa okha, poti ndi a masamu. Koma kuvina sikufuna pakamwa. Seveni koloko, ndipo asambe m'manja."

Amalume anayang'ana wotchi n'kutseka kazenera, chifukwa nthawi inali itakwana. A Sugden anakavina ndi mchemwali wawo.

Anakwatirana chaka chotsatira, ndipo kutchalitchi abusa anavomera kukhala khoma. Azakhali a Hilda anasunga mawu awo mpaka mu Epulo 1957. Ine ndili mwana ndinkapita kwawo patchuthi, ndipo ndinkayesa kuti m'mabanja onse akazi amauza khoma kuti tiyi wapsa. Tsiku limene zakazo zinatha, mawu awo oyamba kwa amuna awo anali akuti, "Wilf, wakhalira chipewa changa."

Sitolo ija inatsala yopanda tsache. Amalume anayesa kudzipempha latsopano, koma lakale linali litaperekedwa kale m'dzina la wina, ndiye anadzikaniza. Kuyambira pamenepo azakhali ankalowa Lachisanu lililonse n'kusesamo ndi tsache la m'mabogi, amalume akuwerenga matabwa a kudenga kuti asaone. Shedi itatsekedwa mu 1966, m'kachipinda ka kuseri munapezeka masache akufa ofika kudenga, ndowa zobooka ndi zitini zodzaza tizidutswa ta sopo. Zaka zonsezo panalibe amene anabwera kudzazitenga kapena kudzaziona. Amalume atauzidwa kuti zonse zikatayidwa, anangoti, "Chabwino, koma zinali zokwana." Tsache la ku Carlisle silinabwererenso.

Ndikuopa kuti amalume ndawasandutsa choseketsa, pamene anali munthu wabwino amene sanatengepo ngakhale ndodo imodzi ya machesi a njanji. Komanso sindine woyenera kuseka, chifukwa matendawo ndinatengera. Ana anga a sukulu ankaonetsa kachidutswa ka choko ndisanawapatse china. Amuna anga, a Desmond, akhala zaka makumi anayi akundionetsa mswachi wakale ndisanatulutse watsopano m'kabati. Ndipo m'dirowa yanga muli chidutswa cha sopo wachikasu, zala zitatu, chachidindo cha njanji, chimene oyang'anira anapatsa amalume tsiku lotseka shedi, iwo n'kundisiyira ine. Sindinachinyowetsepo, chifukwa ndinalibe chakale choti ndipereke.

Polemba izi ndaona kuti anthu awiri aja anataya zaka zitatu ndi theka za macheza chifukwa cha mpata wa ndodo ya machesi. Choncho ndikangoika cholemberachi pansi, ndikatenga sopo uja n'kusamba naye m'manja mpaka chidindo chifufutike. Kenako ndikawauza a Desmond, iwo eni osati khoma, kuti kiyi wa kabati ali pansi pa wotchi, atenge mswachi nthawi imene afuna. Wakalewo akataye okha. Ndiyesetsa kuti ndisakasuzumire m'bini.