Kawaya ka Mawu

A Mawaya anapuma pantchito pa 30 Juni 2016, atakonza mawailesi m'sitolo imodzimodziyo kuyambira ali mnyamata. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, moti ngakhale akazi awo akakwiya ankati a Mawaya. Anali munthu wa zii, wa zala zodzaza zipsera za mtovu.

Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira pa 4 Okutobala 2001. Anasiya kompyuta yotuwa, yolemera ngati thumba la simenti, ndi chimbale chimene anapanga yekha. Ukachilowetsa pankabwera zithunzi za pabanja, ukadina chithunzi iye ankalankhula. Patapita zaka chowerengera zimbale cha kompyutayo chinafa, chamtundu wake osapezekanso, ndipo chimbalecho chinayamba kusupuka. Mwayi wake, a Mawaya anali atakopera zonse pa kamemori khadi.

Mu Malichi chaka chatha dokotala anauza akazi awo kuti khutu lakumanzere latha, lakumanja likutsatira. Pobwerera kunyumba mayiwo anapempha chinthu chimodzi: amveko mawu a mwana wawo khutu linalo lisanatseke.

M'mawa mwake a Mawaya anachotsa makatoni m'kachipinda ka kuseri, naikamo tebulo, nyale ndi chowotcherera. Anati apanga kabolodi ka zamagetsi konamiza kompyuta, koti ikamaona kamemori khadi iziyesa kuti ndi chimbale.

Mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ankabwera Loweruka lililonse, ndipo pakamwa pake panalibe chitseko.

"Alamu, bwanji osangoika mawuwo pafoni? Akulu anga akugontha, inu muli pano kusoka zinyalala."

"Mwanayo anapangira kompyuta iyi."

"Ndiye inamubereka ndi kompyutayo?"

A Mawaya ankadziwa kuti mlamu wawo akunena zoona. Kuika mawu pafoni sikukanawatengera ngakhale m'mawa umodzi. Koma akaganiza zimenezo mutu unkangoti zii. Chisoni sankachimva, mantha sankawamva. Ankangoona kuti pali waya wina wofunika kuwotcherera, basi n'kuwotcherera.

Poyesa koyamba kompyuta sinakaone n'komwe kabolodiko. Anapeza kuti lamba wa mawaya anamulumikiza chozondoka. Atakonza, inakaona koma n'kuuma pomwepo. Anafunsa anthu ena okonda makompyuta akale pa intaneti, nasintha apa ndi apo. Nthawi yonseyi akazi awo ankawonjezera voliyumu ya wailesi pabalaza, mlungu ndi mlungu.

Loweruka pa 12 Ogasiti masana, zithunzi zinatulukira. Choyamba chinali cha mwanayo atanyamula njinga yophwa tayala. A Mawaya anaika chala pa mausi, n'kuchichotsanso. Mmisiri sapereka ntchito asanaiyese, koma tsiku limenelo iwo anangoitana.

"Mayi, bwerani."

Mayiwo anakhala pampando, nayandikizitsa khutu lakumanja pa sipika, mng'ono wawo ataima pakhomo. Mayiwo anadina okha. Panali chete.

"Akulankhula?" anafunsa.

A Mawaya anali atangoti maso tong'o pachithunzicho.

"Basi, latha," anatero mayiwo. Anaimirira bwinobwino, nabwezera mpando pamalo pake. "Ndikaanule zovala."

"Mayi, nanenso sindikumva kanthu," anatero a Mawaya, koma ananenera kumbali ya khutu lakufa lija, mayiwo ali kale panjira.

Mlamu uja ndiye anawathamangira, akukuwa kuti aliyense amve: "Akulu! Si makutu anu ayi! Ndi zinyalala za amuna anuzi!"

A Mawaya anatenga chowerengera zimbale chakufa chija, nachitembenuza. Kumbuyo, pambali pa polowa lamba, panali kabowo kena kakang'ono. M'makompyuta akale mawu a pachimbale sankadutsa mu lamba wamkuluyo, ankayenda pa kawaya kawokawo kopita ku sipika. Kawaya kameneka iwo anakalumikizapo kambirimbiri m'makompyuta a anthu. Pa kabolodi kawo sanakasiyire malo, ndipo kachida kotulutsa mawu kanali kofunika kuitanitsa kutali.

Mlamu wawo anabwerera, nawaikira foni patebulo. Ulendo uno a Mawaya sanakane. Anazula kamemori khadi, nakopera mawuwo pafoniyo, sipika atazimitsa. Madzi a tiyi asanawire anali atamaliza.

Mayiwo anamvera kukhonde, foni atayikanikiza pakhutu, zovala zili pamiyendo.

"Ndamumva!" anafuula. "Akuti tayalalo munaphwetsa ndinu! Bambo, bwerani mudzamve bodza la mwana wanu!"

"Ndikubwera," anayankha a Mawaya. Anakankha chitseko cha kachipindako, nayatsa chowotcherera.

Kachida kaja kanafika pa 2 Sepitembala. Kabolodiko kakugwira ntchito bwino tsopano, mawu ndi zithunzi zomwe. Anakayesa ndi zimbale zokopera pa kamemori khadi, za nyimbo, za masewera, ngakhale chophunzitsa kutayipa, ndipo anzawo a pa intaneti anapempha mapulani ake. Khutu la akazi awo linatsekeratu mu Disembala.

M'mawa uliwonse a Mawaya amayatsa kompyutayo kuti isachite dzimbiri. Chithunzi cha njinga chimabwera, iwo n'kupukuta fumbi pagalasi, kenako n'kuzimitsa osachidina.