Chiphaso Chovotera cha Azakhali

Ndinadzuka nkhuku zisanatsike, msana ukuwawa ndi mphasa ya pasiwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu. Panja azibambo ankasinza atazinga zikuni, utsi ukukwawa pansi kulowera ku chigafa chathu, komwe fodya wa chaka chonse ankauma. Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, anali m'bokosi pabalaza.

Ine ndili Fomu 3, ndipo kuno kwa Chulu amandidziwa. Chule uja anapezeka m'chikwama cha aphunzitsi a masamu sanalowemo yekha. Koma ntchito ya tsikuli anandituma ndi azakhali eni ake. Akudwala anandiuza kuti anzawo amene tinaika kale akadali m'kaundula wa mavoti, ndipo iwo sakufuna kudzavotera munthu ali m'manda.

Kutacha anthu anayamba kufika, apanjinga, apansi, matenanti a kuesiteti atasenza nkhuni. Kumadzulo kunada bii, koma mvula osagwa. Kenaka inafika galimoto yopanda nambala. Munatsika anyamata anayi a magalasi akuda, ndi mkulu wa chipani cholamula, yemwe amalembanso mayina a makuponi a feteleza. Nyimbo inatsika yokha.

Anapepesa maliro bwinobwino. Atatero mkuluyo anakokera bambo kuseri kwa nkhokwe, ine ndikutsuka mbale pomwepo.

"Chiphaso chovotera cha malemu, achimwene. Boma lisunge."

"Lero lomwe, bwana?"

"Feteleza wa chaka chino simukumufuna?"

Bambo anandituma kukatenga. Azakhali ankachisunga m'kajumbo ka shuga, chokulungakulunga, chomanga ndi mphira. Ndinapereka ndi manja awiri, nditagwada, mwana woleredwa bwino. Mkuluyo anangoponya m'thumba. M'kati mwa kajumboko munali kachikatoni ka sopo, pomwe ndinajambulapo mbuzi yovala magalasi akuda. Chiphaso chenicheni chinali m'buku la nyimbo lomwe amayi a mpingo anawaikira azakhali pachifuwa.

Tinanyamuka masana, kudutsa m'minda ya fodya yotsala mapesi okhaokha. Anyamata aja ankayenda m'mbali mwa gulu, osayimba, akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Kumanda mlaliki anapempherera atsogoleri athu nthawi yaitali kuposa malemu. Dothi loyamba litagunda bokosi, ndinaluma mpango kuti ndisaphulike ndi kuseka. Mayi wina anandisisita msana, ati limba mtima mwanawe. Nditadzutsa mutu, a magalasi aja panalibe.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Panatsala fungo la utsi ndi mipando ya kutchalitchi yosanjikiza. Bambo anapita kukaona fodya, ndipo anandiitana ndi dzina langa lonse, chinthu chomwe sachitachita.

Pa mzati wa chigafa, pansi pa masamba ouma aja, panali mbuzi yanga, yokhomedwa ndi msomali. Pansi pake a magalasi aja anaikapo bokosi la machesi, latsopano, losatsegula.

Bambo sanandimenye. Anayang'ana mbuziyo nthawi yaitali.

"Chenichenicho chili kuti?"

"Apita nacho eni ake."

Anatenga mpando, ndowa ziwiri za madzi, nakhala pafupi ndi chigafacho. Ine ndinatenga ndowa yachitatu. Kupepesa sindinapepese, ndipo mbuzi ija ndinaijambula bwino. Manda onse a kuno adzavota chaka chino, kupatula azakhali anga.

Kumsewu galimoto inadutsa pang'onopang'ono. Tonse tinagwira ndowa zathu mpaka inapitirira.