Manda a Mai Rosa M'munda wa Fodya

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene nkhondo ya ku Mozambique inatha. Kwathu ku Bowe sitinamvepo kulira kwa mfuti. Nkhondoyo tinkaionera pa a Zuze, bambo wamtali wosakonda zoyankhula, amene anathawira kuno n'kukhala tenanti m'munda wa fodya wa bambo anga. Akazi awo, mai Rosa, anamwalirira kwathu konko, ndipo popeza anali alendo, anaikidwa kumapeto kwa munda wathu, pansi pa mtengo wa msuku.

Itafika nthawi yoti othawa nkhondo abwerere kukamanganso dziko lawo, a Zuze anakana kupita. Anati sangasiye mkazi wawo yekha kuchilendo. Bambo anga, amene anali mkulu wa mpingo, anawagwira dzanja ine ndikuona.

"Pitani, achimwene, mukamange nyumba. Pamandapo khasu silidzafikapo."

A Zuze anayang'ana ine. "Nanga iwe, mwana wa sukulu, uzidzasesapo?"

Ndinavomera, ndipo anapita. Loweruka lililonse ndinkazula udzu pamandapo, kusesa, n'kukonza miyala yozungulira. Masuku ankagwa n'kuwolera pomwepo, njuchi zili ng'waa, koma sindinatolepo ngakhale limodzi.

Chaka china fodya atagulidwa bwino, bambo anafuna kukulitsa munda. Ndinafika ndi tsache langa n'kupeza msuku uja wadulidwa, chitsa chikufuka utsi, mizere itadutsa mowongoka mpaka kumalire.

"Ababa, pajatu munalonjeza."

"Munthu uja sabweranso. Kwawo kuli mtendere, anakwatira wina. Siya tsachelo, tenga khasu."

Koma a Zuze anabwera, ine ndili Sitandade 8. Anafika akukankha njinga, atamangirira matumba a simenti oti amangire chiliza. Atakhala pakhonde anatiuza kuti kwawo ayambanso kulima, ndipo mmodzi mwa anthu amene anatentha mudzi wawo ndi mnansi wawo tsopano.

"Anabwera yekha kudzavomera pamaso pa anthu," anatero. "Timatunga pachitsime chimodzi."

Kenaka bambo anawatsogolera ku msuku wina wa kumtsinje, n'kuloza pansi. "Ndi pano."

"Si pano, ababa," ndinatero.

A Zuze sanawayang'ane bambo. Anangondiuza kuti ndiwalondolere, ndipo tinalowa m'fodya wofika m'chifuwa, masamba ake akumata m'manja. Ndinazungulira, ndinabwerera, ndinafukula dothi ndi phazi kufuna mwala ngakhale umodzi. Mizere yonse inali yofanana. Malo amene ndinawasesa ndi manja anga sindinawapeze.

A Zuze anasiya simenti ija pakhonde, nanyamuka tsiku lomwelo osadya kanthu. Ine ndinakwapulidwa chifukwa chochititsa manyazi kholo pamaso pa mlendo. Lamulungu lotsatira bambo anatsogolera pemphero m'tchalitchi, mawu awo osanjenjemera n'komwe.

Chaka chatha ndinaika mkazi wanga m'manda kwawo ku Kasakula. Alamu anga amati ndisamavutike ndi ulendo, iwo akusamalira. Ndimawathokoza, koma ndimapitabe.

Tsopano ndikumvetsa chimene a Zuze ankatiuza pakhonde paja. Munthu angathe kukhalanso ndi amene anamulakwira, ngakhale kulakwako kukule bwanji, bola wolakwayo anene zoona. Iwo anakhululukira munthu amene anawatenthera mudzi. Kwa ife, amene tinawalandira ndi kuwadyetsa, sanabwerenso.