Mafuta a Tchipisi pa Chingwe cha Faiba

Ndinabera adadi anga masiku atatu a Loweruka. Amene akudikira kuti ndipepese akhale kaye pansi, miyendo ingatupe.

Ndili Fomu 3 adadi anasamuka. Anatisiya ine ndi amami m'kanyumba kathu kuseri kwa mashopu a ku Area 2, iwo n'kukakhala ku Area 14 ndi mayi wina amene anali atangowaberekera mwana wamwamuna. Kwathu sankaloledwa kupondako, kwawoko ine sindinkafunidwa. Malo okhawo amene munthu sakanawaletsa anali kuntchito. Ndiye Loweruka lililonse lokhala ndi ntchito ankaima pa shopu ya matayala, kuliza hutala kawiri, ine n'kutuluka chothamanga, nsapato ina ili kumanja.

Ankagwira ntchito ku City Centre, m'chipinda chapansi chozizira ngati filiji. Mmenemo munali makina akuda, aatali kuposa ine, osunga mafayilo onse a kampani yawo. Iwo ankati sitoreji. Adadi ankawayang'anira limodzi ndi anti ena a ku Rumphi, aafupi, ovala juzi ngakhale mu Okutobala, amene ankandiyang'ana ngati akudziwa kale zimene ndinachita ndi chule mu desiki ya prifekiti wathu.

Tsiku loyamba adadi anandizungulitsa kuseri kwa makinawo, kumene zingwe zopyapyala za faiba zinkalowa.

"Ukuona, mami? Makinawa ali ndi mitu iwiri. Mutu uwu uli ndi mapoti anayi, timabowo tolowa zingwetu, winawu anayinso. Poti iliyonse ili ndi inzake mbali inayo. Iyi ikafa, inzakeyo imatenga dzina lake n'kumayankha m'malo mwake. Anthu m'maofesi sadziwa n'komwe kuti china chafa. Timati feyilova."

"Oho. Ngati ku Area 14," ndinatero.

Anti anatsamwa ndi tiyi wawo pakhomo. Adadi anangopitiriza ngati ndi fani yalankhula. Anati ndigwire chilichonse ndikafunsa, koma nsonga ya chingwe cha faiba ayi. Mumadutsa kuwala, ndipo ngakhale thukuta la chala limaichititsa khungu.

Munthu wanzeru sauza mwana ngati ine zinthu zotero.

Maloweruka amenewo anali okoma moti sindidziwa powayambira. Tinkadya tchipisi cha pachiwaya titakhala pamasitepe, chifukwa chakudya sichinkalowa m'chipinda chozizira. Adadi ankandibera zokazingika bwino, ine n'kuwabisira makiyi a galimoto mu juzi ya anti. Ankandifunsa za masamu. Ankaseka mpaka kuvula magalasi. Kunyumba sindinawaonepo akuseka choncho.

Kenako tsiku lina, akusangalala, anandiuza kuti kwatsala ntchito imodzi yaikulu: kuika pulogalamu yatsopano m'mitu yonse iwiri. Ikatheka imeneyo, zina zonse azidzachitira pa desiki pawo mkati mwa sabata.

"Loweruka ndizipuma ngati munthu," anatero.

Ine ndinamva bwinobwino kumene azikapumira.

Ntchitoyo inali ndi lamulo lake. Poika pulogalamu, amazimitsa mutu umodzi, zonse n'kutsamira pa mapoti a mutu winawo. Ngati poti ina mbali imeneyo ikudwala, ndiye kuti kampani yonse yagwa. Choncho asanayambe ankayeza kaye mapoti onse asanu ndi atatu. Imodzi ikangolephera, basi, tsiku limenelo sapitiriza, ngakhale ataikonza pompo. Amalemba lipoti, mabwana n'kuvomereza tsiku lina, ndipo tsiku linalo limakhala Loweruka lotsatira. Komanso patsiku la ntchito ankatseka mauthenga ochenjeza, kuti foni isamangolira.

Ndinaziwerenga zimenezi ngati funso la mayeso limene ndinaliona kale.

Loweruka la ntchito yaikulu, titatha kudya, foni ya adadi inalira. Area 14. Anakwera masitepe kukayankha, anti anali kukatenga madzi otentha. Ine sindinasambe m'manja. Ndinalowa, kuzula chingwe chachitatu kuchokera kumanzere, kusisita nsonga yake ndi chala chamafuta, kubwezera, kuti tswii! Kanyali ka poti ya mbali inayo kanaphethira mofulumira, kenako zonse zinaoneka ngati kale. Adadi sananame, feyilova imagwiradi ntchito.

Poyeza, poti yanga inalephera. Adadi anagwira mutu, anasintha chingwe, analemba lipoti. Popeza nthawi inatsala yambiri, tinakayenda pansi pa mitengo ya ku City Centre, maofesi onse atatseka, iwo akundiuza za mmene ankazembera sukulu ali mwana. Ine mumtima ndikuvina.

Loweruka lachiwiri ndinasankha poti ina. Lachitatu inanso, mbali ya mutu winawo, kuti asandizolowere. Ndinali katswiri, ndikuuzani. Masekondi osakwana khumi, ndatuluka, ndikunyambita zala pamasitepe.

Koma lachitatulo sitinakayende. Adadi anakhala pa kompyuta mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamva akuuza anti kuti mabwana afunsa ngati ntchitoyi yawakulira, ndipo akuganiza zoitana anthu akunja. Ndinaona kuti kolala ya shati yayamba kuwakulira. Ndinamva chisoni, osanama. Koma ndinawerenganso kuti Loweruka lina likubwera.

Lachinayi ndinapeza anti atayala zingwe zitatu patebulo, pambali pake kachipangizo kokulitsira nsonga ya faiba kamene anabwereka kwina. Anasuzumiramo nthawi yaitali.

"Achimwene, tabwerani. Mapoti anuwa sakudwala. Akudya."

"Akudya chiyani?"

"Tchipisi. Iyi yathiramo ndi tsabola."

Anatsegulanso zolemba za makina, zimene zimasunga nthawi ya chilichonse. Katatu konse chingwe chinazulidwa pa nthawi imene adadi anali pafoni. Anti anatenga kapu yawo, podutsa pa ine n'kunena motsitsa kuti, "Mwana iwe, ukanasamba ndi sopo bwenzi uli loya." Anatuluka n'kutseka chitseko.

Ndinkayembekezera mbama, kapena ulaliki. Ndinali nditakonza kale nkhope. Adadi anangovula magalasi.

"Ukudziwa kuti tikanapanda kuyeza, tikanagwetsa kampani yonse?"

"Mumayeza nthawi zonse. Munandiuza nokha."

"Akanandichotsa ntchito, mami."

"Sanakuchotseni."

"Chifukwa chiyani? Chimenechi si chule wa mu desiki."

"Mukamaliza simudzabweranso."

Adadi anavalanso magalasi. Sananene kuti ndikunama. Ndinadikira kuti anene, ndinawapatsa mpata wokwanira. Anakoka kampando, anati ndikhale, manja pamaondo.

Anaitana anti. Anayeza mapoti, onse asanu ndi atatu bwinobwino. Anazimitsa mutu woyamba. Ndinaona tinyali tinayi tikuzima, tinayi ta mbali inayo tikunyamula zonse. Mutu uja utadzuka unalandiranso mayina ake, iwo n'kuzimitsa wachiwiri. Ola silinakwane. Palibe foni inalira, palibe amene anadandaula. Ntchito imene ndinaigwira mwendo milungu itatu inatha tchipisi chathu chisanazizire n'komwe, ndipo palibe anachidya.

Lipoti analemba zoona zokhazokha, chifukwa adadi ndi otero pa zamakina. Mabwana anawasiyira ntchito, koma analamula kuti mlendo aliyense, makamaka mwana, asapondenso m'chipindacho. Izi ndinazimva pambuyo pake kwa amami. Tsikulo adadi anandibweza pa galimoto. Pa shopu ya matayala anandigwira phewa.

"Ndipeza njira ina, wamva?"

"Ya mbali inayo?" ndinafunsa, kuti aseke.

Sanaseke.

Tsopano ndili Fomu 4. Amaimba foni mwa apo ndi apo, kufunsa za masamu, kumbuyo kukumveka kamwana kakulira. Ndinawauza kuti ndikufuna kudzaphunzira za makompyuta, anati ndi bwino, koma ndizisamba m'manja. Pamenepo tinaseka tonse, pang'ono, foni n'kuduka.

Amami amati ndinadzitsekera ndekha chitseko. Ine ndimati chinali chikutsekeka kale, ndinangoikapo phazi. Masiku atatu aja akanapita ku Area 14 osandifunsa. Limodzi tinayenda pansi pa mitengo, lina anandiphunzitsa kubweza galimoto pamalo oimikapo opanda munthu, ndipo ndinagunda mgolo wa zinyalala. Ndi anga amenewo. Cholakwa changa ndi chimodzi: ndinathira tsabola wambiri. Mapoti anali asanu ndi atatu, ine ndinangofika pa atatu.

Vuto la kukhala pafupi ndi shopu ya matayala ndi loti Loweruka aliyense amaliza hutala. Ena kamodzi, ena katatu. Wina akaliza kawiri ndimapezeka ndaimirira kale, amami n'kuyang'ana kumbali ngati akufuna china mu kabati.