Mapiritsi a m'chitini cha mabatani

Atelala a pakhonde la sitolo ya zitsulo ankayeza chiuno cha munthu ndi maso okha. Ukakoka mpweya kubisa mimba ankati, "Pumani, bambo, thalauza silinamizidwa." Dzanja lawo lamanja ndilo linkadyetsa nyumba yonse: ana aakazi asanu, ndi amuna awo, mmisiri womanga nyumba amene ntchito inkamuzemba ngati wadana nayo.

Mmisiriyo ankafuna mwana wamwamuna.

"Tiyesenso kamodzi kokha, amayi a ana."

"Kuyesa n'kwanu, mimba n'njanga."

Zaka za Atelala zinali zitayandikira makumi anayi, ndipo mumtima anali atati basi, thupi si fakitale. Koma kuchipatala sakanapondako. Namwino wa pazenera la zolera anali mlamu wawo, mchemwali wake wa mmisiriyo. Ndiye anapangana ndi kasitomala wina: iye azibweretsa mapiritsi olera, iwo azimupindira masiketi. Mapiritsiwo ankagona pansi penipeni pa chitini cha mabatani, poti mwamuna ndi batani saonana. Malaya ake angayasame chaka chonse, sangatsegule chitini.

Zaka zitatu zinatha palibe wowayeza BP. Mutu waching'alang'ala unkabwera, timagetsi n'kumathwanima m'maso, iwo n'kumati ndi ulusi wakuda ukuwathetsa maso. Mpango pamutu ndi! Phazi pachopondera cha makina.

Tsiku lina m'mawa, akusoka diresi la mkwatibwi, sizasi inagwa pansi. Anawerama kuti atole, dzanja n'kukana. Anaitana mwini sitolo, mawu n'kutuluka ngati phala.

"Amayi, mowa mwayamba liti?" anaseka mwini sitoloyo. Kuseka kunamuthera pakamwa ataona mlomo wawo utakhotera mbali imodzi.

Adokotala anati ndi sitiroko. Mlamu uja atapita kukalongedza katundu pakhonde, chitini chinamupulumuka, mabatani mbwee, mapiritsi pamwamba. Anabwera nawo pabedi la Atelala kuchipatala, n'kukoka katani.

"Mlamu, ndi BP yanuyi, ndi mutu wanu uja, awa ine sindikanakupatsani. Njira zina zilipo, ngakhale lupu. Bwanji osabwera kwa ine?"

Atelala analimbana ndi lilime nthawi yaitali.

"Achi... mwene... anu."

"Akazi angati adutsa pazenera langa? Ndinauzapo mwamuna wa ndani?"

Atelala anatembenukira kukhoma. Misozi inkalowa m'khutu, dzanja lopukutira lili phee pabulangete.

Mmisiri anazimva yekha kwa adokotala. Sanakalipe. Nkhani ya mwana wamwamuna sanaitchulenso, ndipo kuitseka nkhaniyo ndiyo ntchito yokha yomanga imene anaimaliza bwino.

Lero mukadutsa pakhondepo muwapeza awiri pamakina amodzi. Mwamuna amaponda, Atelala amawongola nsalu ndi dzanja lamanzere.

"Pang'o... no!" amatero iwo.

"Ndikuponda pang'ono, amayi a ana."

Msoko umayenda ngati khoma lomangidwa popanda chingwe. Diresi la mkwatibwi linakamalizidwa kwina, ndipo makasitomala analitsatira. Otsala ndi a zigamba. Wobweretsa mapiritsi uja amadzera njira ya kuseri.

M'mawa uliwonse, asanayambe, Atelala amanyamula dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuliika pansalu, pafupi ndi singano, pomwe linkakhala kale. Amati lisaiwale. Makina akangogwedezeka limatsetsereka n'kugwera pamwendo, iwo n'kulinyamulanso.